Pulagi ya iridium siwonjezera mphamvu ya njinga yanu

Pa masiteji a kabaza pafala mawu oti ukaika pulagi ya iridium (ya nsonga yopangidwa ndi chitsulo cholimba chotchedwa iridium) njinga yamoto imakoka ngati yatsopano. Ogulitsa sipeya satsutsa, poti pulagiyi ndi yodula kangapo kuposa wamba. Mawuwa anditopetsa, chifukwa pofunafuna "pulagi yamphamvu" anthu akuika mapulagi osayenera ndipo injini zabwinobwino zikufa.

Mphamvu ya injini imachokera pa kuchuluka kwa mpweya ndi petulo zimene zalowa mu silinda, komanso mmene pisitoni yazifinyira. Pulagi imangoyatsa. Ngati pulagi wamba ikuyatsa bwino nthawi iliyonse, ya iridium ilibe china choti iwotche, ndipo injini ya 150cc ikhalabe ya 150cc. Amene amati njinga inasintha sakunama ayi, koma anachotsa pulagi yotha, yampata waukulu pa nsonga pothetheka moto, imene inkadumphitsa moto. Wamba yatsopano ikanachita zomwezo.

Phindu lake lilipo, koma ndi lochepa. Nsonga ya pakati ya pulagi wamba ndi yonenepa pafupifupi 2.5 mm, pamene ya iridium ya kampani ya NGK ndi 0.6 mm. Moto suvuta kuthetheka pa nsonga yopyapyala, choncho koyilo, imene imatumiza magetsi ku pulagi, sivutika, njinga imalira msanga m'mawa wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, ndipo sizimazima mukaima. Iridium amasungunuka kutentha kukadutsa 2,400 °C, n'chifukwa chake nsongayo imachedwa kutha. Mukugula zimenezi basi, osati liwiro.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi nambala yolembedwa pa pulagi. Pa pulagi ya NGK ya D8EA, imene imalowa mu injini zambiri za 125 ndi 150cc zopangidwa motengera Honda CG, 8 sikukula kwake kapena mphamvu yake. Ikunena za mmene pulagi imatayira kutentha. Nsonga imafunika kutentha kuyambira cha pa 500 °C kuti iziwotcha yokha mwaye, koma isadutse cha pa 800 °C. Kwa NGK, nambala yaikulu ndi pulagi yozizira, yotaya kutentha msanga, yaing'ono ndi yotentha, yochedwa kutaya kutentha. Kwa Bosch ndi Champion n'zosemphana, choncho musayerekeze 8 wa kampani ina ndi 8 wa inzake.

Taonani mmene zimakhalira. Njinga yayamba kudetsa pulagi sabata iliyonse. Mwini wake apita kwa wokonza wa m'mbali mwa msewu, amene sakufunsa n'komwe kuti mwayewo ukuchokera kuti. Angochotsa 8 n'kuikamo 6, ati iziwotcha mwaye. M'tauni njinga iyendadi bwino, pulagi ikhala yoyera, aliyense asangalala. Tsiku lina inyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga, n'kuyamba kukwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, mu giya yachiwiri, mafuta otsegula onse. Injinizi zimazizira ndi mphepo, ndipo pa chitunda njinga ikuyenda pang'onopang'ono mphepo ndi yochepa. Nsonga ya pulagi imafiira, n'kuyamba kuyatsa petulo yokha moto wa koyilo usanafike, pisitoni ikadali kukwera. Injini imagogoda ngati muli timiyala, mphamvu imathawa, ndipo woyendetsa akapitiriza kukakamiza, pamwamba pa pisitoni pamabooka. Zimenezi sizitenga masiku, mphindi zochepa zimakwana. Chopweteka n'chakuti vuto loyamba mwina linali sefa ya mpweya yodzaza fumbi, yongofunika kutsuka kapena kusintha.

Pulagi yakuda ndi uthenga, siyo matenda. Mwaye wouma ukutanthauza kuti petulo wachuluka kuposa mpweya: onani sefa, choku yosabwerera bwino, kapena kabuleta imene wina anaiseweretsa. Ikakhala yakuda monyowa ndi oyilo, malingi a pisitoni kapena masilo a mavalavu atha, ndipo palibe pulagi ya mtengo uliwonse imene ingachize zimenezo. Ikayera mbuu, mwina ndi timatuza, injini ikutentha mopitirira. Imitsani njinga lero lomwe, osati mukamaliza kubweza ngongole ya bwana. Yabwino imaoneka yofiirira pang'ono. Mukamachedwa n'kumangosintha mapulagi, oyilo akutha m'kati, mudzagula silinda yonse.

Zilembo nazonso muziziwerenga. Pa mapulagi a NGK, chilembo choyamba chikunena za kunenepa kwa mazinga: C ndi mazinga a 10 mm, D ndi a 12 mm, B ndi a 14 mm. Pambuyo pa nambala, H ndi mazinga otalika 12.7 mm, E ndi 19 mm. Pulagi ya E mu bowo la H imatulukira m'kati ndipo ikhoza kugundana ndi pisitoni. Ya H mu bowo la E imabisala, moto suyatsa bwino, ndipo mazinga otsalawo amadzaza mwaye. Ngati mwatsimikiza kugula iridium, gulani yofanana ndi imene buku la njinga likunena: DR8EIX m'malo mwa D8EA, CR7HIX m'malo mwa C7HSA ya injini zambiri za 100 ndi 110cc. Nambala ikhale yomweyo.

Mpata wa D8EA ndi C7HSA ndi 0.6 mpaka 0.7 mm, ndipo umayezedwa ndi fila geji (tizitsulo topyapyala toyezera mpata), osati ndi maso kapena mpeni wa macheka. Kukulitsa mpata kuti "moto ukule" kumangotopetsa koyilo, moto n'kumadumpha injini ikathamanga. Nsonga ya iridium musaikanikize ndi chitsulo kapena kuipala ndi sandipepa, imathyoka. Musaitenthenso pamoto.

Pomanga, injini ikhale itazizira, ndipo muyambe mwapukuta fumbi lozungulira bowo. Lowetsani pulagi ndi zala mpaka washa itakhudza. Ikalimba pa kuzungulira koyamba kapena kwachiwiri, yalowa mokhota, bwezani. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kudyeka, ndipo sipanala siimva kuti ikuwononga. Washa ikakhala yatsopano, onjezani theka la kuzungulira ndi sipanala ya 16 mm pa C kapena ya 18 mm pa D. Ikakhala yogwirapo kale, kungokhwimitsa pang'ono n'kokwanira. Amene ali ndi sipanala yoyezera amange 10 mpaka 12 Nm pa C, ndi 15 mpaka 20 Nm pa D. Pulagi yosamanga bwino imalephera kutaya kutentha, n'kufiira monga ija ya nambala yolakwika.

Mapulagi achinyengo olembedwa NGK kapena Denso alipo ambiri, ndipo awa ndi oopsa chifukwa nambala yake siyodalirika ngakhale italembedwa 8. Onani zilembo zofufutika, mazinga osasalala, ndi washa yochoka mosavuta mukaikoka. "Iridium" yogulitsidwa pa mtengo wa pulagi wamba isiyeni pa shelefu pomwepo, mugule D8EA kapena C7HSA yeniyeni kwa wogulitsa wodziwika, ndalama yotsalayo mugulire sefa ya mpweya ndi kulipira makaniko woti ayeze mpata wa mavalavu.