Zaka 16 kuti jaji achoke pampando

Munthu akagonja pamlandu, nthawi zambiri amabwera ku ofesi kwanga akupsa mtima: "Aloya, jajiyu tikamunenere kwa ndani?" Ndimayamba ndamufunsa ngati chamuwawa ndi chigamulo kapena khalidwe la jajiyo. Chigamulo cholakwika mankhwala ake ndi apilo. Khalidwe loipa lili ndi njira yake, ndipo ndi yaitali.

Tengani nkhani ya John Hlophe, yemwe anali mkulu wa majaji ku Western Cape, m'dziko la South Africa. Mu 2008 majaji a Constitutional Court, khoti lalikulu loona za malamulo aakulu a dzikolo, adadandaula kuti iye adapita kwa anzawo awiri, Bess Nkabinde ndi Chris Jafta, kukayesa kuwanyengerera pa milandu yokhudza Jacob Zuma. Mlandu wake sudali wa ziphuphu ayi. Kungolowa mu ofesi ya jaji mnzako n'kuyamba kumukokera mbali pa mlandu umene uli m'manja mwake, kumeneko n'kulakwa kale.

Ndiye padayamba kukokanakokana m'makhoti. Bwalo lapadera lofufuza lidamupeza wolakwa mu 2021, bungwe loyang'anira majaji la Judicial Service Commission lidavomereza, ndipo Pulezidenti Cyril Ramaphosa adamuimitsa ntchito mu Disembala 2022. Pa 21 Febuluwale 2024 aphungu 305 adavota kuti achotsedwe, 27 adakana. Gawo 177 la malamulo aakulu a dzikolo limafuna aphungu awiri mwa atatu alionse.

Mpanda wotero sadaumange pachabe, ndipo ife a ku Malawi tikudziwa chifukwa chake. Kuno, mu 2001, gawo 119 la malamulo aakulu a dziko lathu linkangofuna mavoti oposa theka la aphungu onse, kenako pempho lipite kwa Pulezidenti. Mu Novembala 2001 Nyumba ya Malamulo idavota kuti majaji atatu a High Court achotsedwe, Dunstain Mwaungulu, Anaclet Chipeta ndi George Chimasula Phiri. Ambiri tidaona kuti tchimo lawo lidali kugamula zosakomera boma. Sadachoke, koma uthenga udafika kwa majaji ena onse.

Komabe zaka 16 sindingaziikire kumbuyo. Kwa zaka zambiri pakati pa 2008 ndi 2022 Hlophe adali akugamulabe milandu ya anthu, akugawiranso majaji anzake ntchito, dandaulo lili pamutu pake. Ndipo patangopita miyezi yowerengeka atachotsedwa, adalowa m'Nyumba ya Malamulo yomweyo ngati mtsogoleri wa aphungu a chipani cha Zuma cha uMkhonto weSizwe.