Madzi oyera mbee si umboni woti chitsime chili bwino

Chitsime chapakhomo, kaya ndi chokumba pamanja kaya ndi mjigo, chilibe wina wochiyang'anira koma mwiniwake. Madzi a m'mipopi amayezedwa ndi owagulitsa, koma a m'chitsime chanu mukapanda kuwayezetsa inuyo, ndiye kuti sayezedwa. Chitsime chimafunika kuchiyendera mofatsa kamodzi pachaka, komanso madzi akasefukira, pampu ikakonzedwa, kapena madzi akasintha mtundu, fungo ndi kakomedwe.

Yambani pamwamba. Zonyansa zambiri sizichokera pansi penipeni, zimalowera pakamwa pa chitsime ndi m'mamita ochepa oyambirira. Khoma kapena paipi yaikulu ya chitsime iyenera kutumphuka pamwamba pa nthaka masentimita osachepera 30, ndipo chivundikiro chake chizitseka ndithu, osasiya mpata wa abuluzi, mphemvu ndi makoswe. Simenti yozungulira ikhale yotambalala mita imodzi kapena kupitirirapo mbali zonse, yotsetserekera kunja. Kuti mudziwe ngati ikugwira ntchito, khuthulanipo ndowa yamadzi n'kuona kumene akulowera. Akathamangira kungalande n'kupita kutali, zili bwino. Akaima, kapena akazimirira pamng'alu pamene simenti imakumana ndi khoma, dziwani kuti madzi amvula ndi ochapira amadutsanso pomwepo kubwerera m'chitsime. Mng'alu wa pamalo amenewo umaoneka waung'ono, koma ndi umene umawononga zitsime zambiri.

Kenako yendani mozungulira. Chimbudzi, khola, dzenje la zinyalala ndi thanki ya zonyansa zikhale pamtunda wa mamita 30 kapena kuposerapo, ndiponso kumunsi kwa chitsime. Panthaka yamchenga kapena pamiyala yong'aluka, mamita 30 angathe kuchepa, chifukwa madzi amadutsamo msanga osasefeka. Musaiwale chitsime chakale chosiyidwa chosakwirira: chimenecho ndi njira yolunjika yotengera zonyansa kumadzi omwewo amene mukumwa.

M'kati mwa chitsime chokumba mumaunikidwa ndi tochi, kapena ndi galasi lobweza kuwala kwa dzuwa. Mamita atatu apamwamba akhale omata bwino. Mizere yonyowa pakhoma, mizu yotulukira m'malumikiziro ndi njerwa zosuntha zikusonyeza kuti madzi apamtunda akulowa. Koma muunikire muli kunja. Pansi pa chitsime pangathe kukhala mpweya woipa wosanunkha umene umakomola munthu m'kanthawi kochepa, ndipo pampu ya petulo siyenera kulizidwira m'katimo chifukwa cha utsi wake. Kulowamo ndi ntchito ya amisiri okhala ndi zingwe, zoyezera mpweya ndi anzawo owadikira pamwamba.

Tsono mphamvu ya chitsime. Apa m'pamene anthu ambiri amangoti “madzi akutuluka” basi, pamene pakufunika manambala. M'mawa, wina asanatunge, tsitsani tepi kapena chingwe chokhala ndi kachitsulo kumapeto mpaka mumve kakhudza madzi, n'kulemba kutalika kwake kuchokera pachizindikiro chimodzi chosasintha. Kenako popani mosalekeza kwa ola limodzi kapena kupitirira, mukuyeza liwiro la madzi ndi ndowa ya malita 20 ndi wotchi. Ndowa ikadzaza pa masekondi 60, ndiye kuti mukupeza malita 20 pa mphindi. Yezaninso kutsika kwa madzi musanasiye kupopa, ndipo mukasiya onani nthawi imene akutenga kubwerera pomwe anali.

Manambalawa amalankhula mukawayerekeza ndi a chaka chatha, oyezedwa nyengo yomweyo. Tiyerekeze kuti chaka chatha, mukupopa malita 20 pa mphindi, madzi ankatsika mamita 4, koma chaka chino akutsika mamita 8 ngakhale m'mawa anali pamlingo wakale. Madzi pansi alipo, koma akuvutika kulowa: sefa ya pansi pa chitsime, pamene madzi amalowera, yatsekeka ndi matope, dzimbiri kapena ndere za mabakiteriya okonda chitsulo, ndipo chitsime chikufunika kutsukidwa. Ngati mlingo wam'mawa womwewo watsika, vuto lili m'nthaka, mwina chilala mwina kupopa kwambiri kwa zitsime zoyandikana. Ngati milingo yonse ili momwemo koma madzi akutuluka ochepa, kayikirani pampu. Popanda kabuku kolembamo, mavuto atatuwa amaoneka ofanana, ndipo anthu amagula pampu yatsopano pamene yakale inalibe mlandu.

Pampu yamanja ya mtundu wa Afridev ili ndi mayeso awiri achidule. Popani mpaka madzi atuluke, kenako popani kokwana 40 mokweza ndi kutsitsa chogwirira mpaka kumapeto; muyenera kupeza malita pafupifupi 15 kapena kuposerapo. Akachepa kwambiri, kawirikawiri malabala a m'kati mwa pampu atha. Kenako isiyeni kwa mphindi 30. Mukafunika kupopa koposa kasanu madzi asanatuluke, valavu yapansi kapena mapaipi akudontha. Chogwirira chogwedera uku ndi uku chimasonyeza kuti mabeya adyeka, ndipo mabawuti olimbitsa pampu pasimenti asagwedezeke.

Pampu yamagetsi yokhala ndi thanki ya mpweya imayezedwa ndi khutu ndi geji yoonetsa mphamvu ya madzi m'manambala a psi. Zambiri zimaikidwa kuti ziziyaka pa 30 psi n'kuzima pa 50, kapena pa 40 ndi 60. Ikamayaka n'kuzima pamasekondi ochepa, thanki yataya mpweya, ndipo injini sichedwa kupsa. Zimitsani magetsi, tulutsani madzi onse m'thanki, yezani mpweya wake: ukhale 2 psi pansi pa mlingo woyakira. Pampu ikamayaka yokha mipopi yonse ili yotseka, penapake pakudontha. Mchenga m'madzi ndi chizindikiro cha sefa yong'ambika kapena pampu yotsitsidwa pafupi kwambiri ndi pansi.

Maso ndi mphuno zimathandiza pang'ono pa ubwino wa madzi. Madontho ofiirira pazovala ndi chitsulo chikapitirira mamiligalamu 0.3 pa lita, fungo la dzira lovunda ndi mpweya wa salifa, ndipo madzi oda mvula ikangogwa ndi umboni wamphamvu woti apamtunda akulowa. Koma zoopsa kwenikweni sizioneka, sizinunkha, sizimveka pakamwa. Malinga ndi malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mabakiteriya a E. coli asapezeke n'komwe m'mamililita 100 a madzi akumwa, chifukwa akapezeka ndiye kuti ndowe zafikamo, ndipo kolera ndi taifodi zimadzera njira yomweyo. Nitrate, wochokera ku feteleza, zimbudzi ndi makola, asapitirire mamiligalamu 50 pa lita. Akachuluka amalepheretsa magazi a khanda kunyamula mpweya, mwana n'kuyamba kuoneka wobiriwira milomo. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma nitrate sachoka, m'malo mwake amachulukirako madzi akamaphwera. Fluoride malire ake ndi mamiligalamu 1.5 pa lita, akaposa amathimbiriritsa mano a ana, ndipo a arsenic ndi mamiligalamu 0.01 pa lita. Awiriwa amachokera m'miyala ndipo sasinthasintha msanga, choncho kuyezetsa chitsime chikangokumbidwa ndi pakapita zaka zingapo kumakwanira. Mabakiteriya ndi nitrate ndiwo a chaka ndi chaka, makamaka nyengo yamvula, komanso pakhomo pakakhala mayi woyembekezera.

Zotsatira za kulabotale zimadalira katengedwe ka madzi. Gwiritsani botolo lochokera kulabotale komweko, osalitsuka. Pukutani pakamwa pa mpopi ndi kulorini, tayani madzi kwa mphindi zisanu, dzazani botolo osakhudza m'kati mwake kapena mwa chitsekero, n'kusiya kampata pamwamba. Liikeni mozizira ndipo lifike pasanathe maola 6 ngati n'kotheka; likapitirira maola 24 zotsatira zake n'zosadalirika.

Mabakiteriya akapezeka, wiritsani madzi akumwa, konzani polowera pawo, kenako thirani kulorini wamphamvu m'chitsime. Chitsime chotambalala mita imodzi chimasunga malita pafupifupi 785 pa mita iliyonse ya madzi. Pa malita 1,000 alionse sungunulani m'ndowa magalamu 75 a kulorini waufa wa 65 mpaka 70 peresenti, amene amapereka pafupifupi mamiligalamu 50 pa lita. Tsukani makoma ndi madzi omwewo, popani mpaka fungo limveke kumpopi, siyani maola 12 mpaka 24 osamwa, kenako popani n'kutaya kutali ndi mbewu ndi mitsinje mpaka fungo lithe. Yezetsaninso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Mabakiteriya akabweranso, musawonjezere kulorini: tenganinso ndowa ija mukakhuthule pasimenti, chifukwa njira yolowera ikadali yotsegula.