Foni zikati zii, ripita ya pa phiri imayankhulabe

Namondwe akagwetsa mapolo a magetsi, mafoni safa nthawi yomweyo. Nsanja za netiweki zimakoka pa mabatire kwa maola angapo, kenako zii. Apa m'pamene anthu amakumbukira kuti kuli okonda wailesi, aja amatchedwa ma ham, amene amayankhulana osadalira kampani ya foni iliyonse. Ku Britain gulu lawo la RAYNET linabadwa mu 1953 madzi a nyanja ya North Sea atasefukira, ndipo mu 2017 namondwe Maria atagwetsa pafupifupi nsanja zonse ku Puerto Rico, a Red Cross anapempha bungwe la ma ham a ku America la ARRL kuti litumizeko anthu oterewa. Ine ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza zida za wailesi, ndipo funso limene sindilithawa ndi lakuti kodi munthu wamba angawamve.

Angawamve ndithu. M'mayiko ambiri layisensi imafunika kwa woyankhula, osati womvera, ndipo malamulo a ma ham salola kubisa tanthauzo la uthenga. Wailesi ya FM yomverapo nyimbo siifika pa mafunde a 144 MHz amene ma ham amayankhulirapo, chifukwa imathera pa 108 MHz. Pamafunika sikana (wailesi yofufuza mafunde), kawailesi kam'manja ka VHF (mtundu wa mafunde amenewa), kapena kachida ka RTL-SDR kolumikiza ku kompyuta.

Kawailesi kam'manja ka mawati 5 sikapita patali. Mafunde a VHF amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, phiri likatchinga basi kwatha. Choncho ripita, chida cholandira mawu n'kuwaulutsanso, amaiika pamwamba pa phiri kapena pa nyumba yaitali, nthawi zina ndi mabatire ndi sola yakeyake. Imamvera pa frequency imodzi n'kuulutsa mawu omwewo nthawi yomweyo pa ina, mwamphamvu. Pa bandi (chigawo cha mafunde) yotchedwa ya mamita 2, imene ku Africa ndi ku Ulaya ili pa 144 mpaka 146 MHz, pomwe ku America imafika 148, manambala awiriwo amasiyana ndi 600 kHz. Ripita youlutsa pa 145.600 imamvera pa 145.000.

Womvera atchere pa nambala youlutsira. Ndili mnyamata ndinatha madzulo athunthu ndili pa nambala inayo, ndikumva tizidutswa ta mawu a munthu mmodzi amene anali pafupi nane, ndikutukwana eriyo yosalakwa. Mpaka ndinakwera padenga kukaigwedeza, manja onse dzimbiri. Vuto linali manambala atatu pa sikirini.

Msampha wina ndi kamvekero kotchedwa CTCSS, kotsika kwambiri, pakati pa 67 ndi 254.1 Hz. Kali ngati kiyi wotsegulira ripita, ndipo mwini kiyi ndi woyankhula. Inu omvera kasiyeni kozimitsa, chifukwa mukaika kolakwika wailesi imangoti duu anthu akuyankhulana. Squelch, yomwe imatseka phokoso pakakhala popanda woyankhula, muikweze pang'ono chabe, pongokwanira kuti phokoso la shiii lileke. Mukamva kulira ngati kwa makina osokera, wailesi yanu ili bwino: imeneyo ndi ripita ya digito, ya DMR kapena D-STAR, ndipo kawailesi ka FM wamba sikamasulira.

Chimene chimandikoka mtima ine ndi mwambo wa pa net, msonkhano wawo wa pa wailesi. Pamakhala mmodzi wotsogolera, ndipo palibe amene amatsegula pakamwa asanapatsidwe mpata. Aliyense amayamba ndi call sign yake, dzina lake la pa wailesi, kutchula zilembo kuti Alfa, Bravo, Charlie, n'kunena pamene ali ndi chimene waona ndi maso ake. Wotsogolera amabwereza, woyankhula n'kuvomera, kenako chete. Achilendo amaganiza kuti chete ameneyu ndiye kuti net yatha, koma ndi wadala, wosiyira njira munthu amene ali ndi uthenga wa moyo kapena imfa.

Komabe zimene mukumvazo ndi malipoti ali pa ulendo, osati chilengezo cha boma. Wina akanena kuti madzi akwera pa mlatho, pakatha mphindi khumi mnzake akhoza kukonza kuti ndi mlatho wina. Amene wamva loyamba lokha n'kuliponya pa WhatsApp wasocheretsa anthu ambiri kuposa amene wawathandiza. Ndipo ngati kawailesi kanu kali ndi batani loyankhulira la PTT m'mbali, chala chikhale kutali. Kungolidina "kuti ndione ngati ikugwira" kungadzutse ripita ndipo kungaphimbe mawu a munthu wofooka amene akuitana ali kuseri kwa phiri.

Makalabu ambiri amachita net yoyeserera sabata ndi sabata, ndipo mndandanda wa maripita umapezeka pa intaneti pa RepeaterBook kapena ku kalabu komweko. Mverani madzulo a bata, khutu lizolowere mawu a otsogolera. Manambalawo muwalembe papepala n'kulimata kumbuyo kwa wailesi, pafupi ndi pamene mumasunga mabatire apadera, chifukwa tsiku lowafunalo intaneti idzakhala itapita kale.