Kufunsa Odwala Okha Sikokwanira

Munthu akapezeka ndi khansa, abale amafunsa kuti yabwera bwanji. Kwa munthu mmodzi yankho limavuta. Ife ofufuza za matenda timafunsa za gulu: ndi anthu ati akudwala kwambiri, nanga akusiyana pati ndi anzawo?

Mu 1950, ofufuza awiri a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anafalitsa zomwe anapeza m'zipatala za ku London. Khansa ya m'mapapo inali itachuluka, ndipo Doll poyamba ankakayikira phula la m'misewu. Mwa amuna 649 odwala khansayi, awiri okha ndiwo sankasuta fodya. Koma nthawi imeneyo amuna ambiri ku Britain ankasuta, choncho nambalayi payokha sikanakhutiritsa aliyense. Umboni unalimba chifukwa cha gulu lachiwiri: amuna enanso 649 a misinkhu yofanana, ogonekedwa ndi matenda ena. Mwa iwo osasuta anali 27. Doll mwiniwake anasiya fodya kafukufuku ali mkati.

Njirayi ili ndi pofooka. Wodwala amasanthula moyo wake wonse kufunafuna chifukwa, pomwe mnzake wopanda khansa amangoyankha zapamwamba. N'chifukwa chake mu 1951 awiriwa analembera madokotala a ku Britain. Pafupifupi 40,000 anayankha za kasutidwe kawo asanadwale, ndipo amuna mwa iwo anatsatiridwa kwa zaka 50. Osuta anafa ndi khansa ya m'mapapo mochuluka kwambiri kuposa osasuta.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi zinthu zoyendera limodzi. Oyenda ndi machesi m'thumba amadwala khansa ya m'mapapo kuposa ena, koma wolakwa si machesi. Kuno ku Malawi vutoli ndi lenileni pa khansa ya kummero, imene ili yochuluka kuposa m'mayiko ambiri. Womwa kachasu nthawi zambiri amasutanso, kunyumba kwake amaphikira nkhuni, tiyi amamwa akadali moto. Tiloze chiti? Timagawa anthu: osasuta paokha, osuta paokha, kenako timaona ngati mowa ukuonekerabe m'gulu lililonse. Zikatero magulu amachepa, ndipo gulu likachepa, zongochitika mwamwayi zimatha kuoneka ngati umboni. Pamafunika odwala mazanamazana, pamodzi ndi anthu opanda khansa ovomera kuyankha mafunso aatali.

Ngakhale bungwe lofufuza za khansa pa dziko lonse la IARC, la ku Lyon m'dziko la France, polengeza mu 2016 za zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65, linati zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kummero. Silinaziike m'gulu la zotsimikizika, momwe muli fodya ndi mowa.