Sitampa ya Maine: Nyanja, Miyala ndi Mgwirizano wa 1820

Pa 15 March 2020 bungwe loyendetsa makalata ku America linatulutsa sitampa yokumbukira zaka 200 chikhalire Maine chigawo choima pachokha. Pasitampapo palibe mbendera, palibe nkhope ya mtsogoleri aliyense. Pali miyala yakuda ya m'mphepete mwa nyanja ndi madzi obiriwira akuiwomba. Ndi chithunzi chimene Edward Hopper, katswiri wojambula zithunzi wa ku America, anajambula ndi penti mu 1914 ali ku Ogunquit, kamudzi ka asodzi ka kummwera kwa Maine. Chikondwerero chimene chinakonzedwa mumzinda wa Augusta tsiku limenelo chinaimitsidwa chifukwa matenda a Covid-19 anali atangofika m'chigawomo, koma sitampa inayamba kugulitsidwa ndithu, pa masenti 55.

Aka sikanali koyamba. Mu 1970, pokumbukira zaka 150, anatulutsa sitampa ya masenti 6 yokhala ndi chithunzi chinanso cha Hopper yemweyo, cha mu 1929: nsanja yoyera ya nyali yotsogolera sitima zapamadzi ku Cape Elizabeth. Chodabwitsa n'chakuti Hopper sanali mbadwa ya Maine. Kwawo kunali ku Nyack m'chigawo cha New York, ku Maine ankangopita nyengo yotentha. Kawiri konse anthu a kumeneko aimiriridwa ndi diso la mlendo.

Kusankha nyanja sikunali kulakwitsa, chifukwa nyanjayo ndiyo inachedwetsa ufulu wa Maine. Derali linali pansi pa Massachusetts, ngakhale kuti pakati pawo pali New Hampshire ndipo malire sagundana. Alimi a kumtunda ankafuna kupatukana, koma eni sitima a m'madoko ankakana, ndipo chifukwa chawo chinali cha m'thumba. Lamulo la mu 1789 linkati sitima yonyamula katundu m'mphepete mwa nyanja iziima pa kasitomu m'chigawo chilichonse, kupatula zigawo zogundana malire ndi kwawo. Pokhala mbali ya Massachusetts, sitima ya ku Portland, doko la ku Maine, inkafika mpaka ku New York osaima. Kupatukana kukanaisiya ndi mnansi mmodzi yekha, New Hampshire.

Mitima inayamba kutembenuka pa nkhondo ya 1812. Mu 1814 asilikali a Britain analanda tauni ya Castine ndi dera lonse la kummawa kwa Maine, koma akuluakulu a ku Boston, likulu la Massachusetts, sanatumize gulu lokawachotsa. Anthu anazisunga mumtima. Lamulo la kasitomu lija litasinthidwa mu 1819, amalonda analibenso chowagwira mwendo, ndipo mu July chaka chomwecho mavoti opitirira 17,000 anavomera kupatukana, okana anali cha m'ma 7,000.

Apa ndi pomwe nkhani imada. Pa nthawiyo America inali ndi zigawo 22, theka zololeza ukapolo, theka zokana, ndipo m'nyumba ya malamulo ya Senate chigawo chilichonse chili ndi mipando iwiri. Missouri inkafuna kulowa ndi akapolo ake, aphungu a kumpoto akukana. Aphungu a kummwera anaona mpata: Maine salowa pokhapokha Missouri naye aloledwe. Nthawi inalinso kutha, popeza chilolezo chopatukana chimene Massachusetts anapereka poyamba chinali choti chithe mphamvu pa 4 March 1820. Mgwirizano unapezeka kutatsala maola: Maine alowe wopanda ukapolo, Missouri alowe nawo, ndipo m'dera lotsala limene America inagula kwa France ukapolo uletsedwe kumpoto kwa mzere wa pamapu wa 36°30'.

Ambiri mwa aphungu ochokera ku Maine anavotera kukana mgwirizanowu, akudziwa bwino kuti kutero kukanawatayitsa chinthu chimene anthu awo anachilirira zaka zoposa makumi atatu. Ine ndimaona kuti anthu amenewa ndi amene akanayenera kukhala pasitampa. Koma sitampa imafuna chithunzi chimene aliyense angamate pa envelopu osatsutsana ndi mnzake, ndipo mafunde sakangana ndi munthu.

Maine anakhala chigawo cha nambala 23 pa 15 March 1820, bwanamkubwa wake woyamba ali William King, mwini sitima wa ku Bath amene anathandiza kukankha kuti lamulo la kasitomu lisinthe. Likulu linali ku Portland mpaka boma linasamukira ku Augusta mu 1832. Missouri inalowa mu August 1821, ndipo anthu okhala muukapolo kumeneko anadikira mpaka January 1865 kuti amasulidwe.