Uthenga kwa makolo: musadikire mkombaphala kuti mwana ayambe kuphunzira

Amayi, abambo, agogo ndi nonse olera ana a chaka chimodzi mpaka zitatu, pali mawu amene tikuwamva kawirikawiri kusikelo ndipo akutidetsa nkhawa: "Akadali wamng'ono uyu, sadziwa kanthu. Adzaphunzira akadzayamba mkombaphala." Ena akuti zidole n'zodula, ndiye mwana amangopatsidwa foni kuti akhale phee. Chonde tamverani: mukadikira mkombaphala, nthawi yofunika kwambiri idzakhala itadutsa.

Ubongo wa mwana umakula mofulumira zedi m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Zakudya za magulu asanu ndi limodzi, katemera, kugona m'masikito, zonsezi mukuzidziwa kale. Chimene chimaiwalika n'chakuti ubongowo umakulanso ndi kucheza. Mwana akaloza nkhuku n'kunena kuti "ku!", inu n'kumuyankha kuti "Eya, nkhuku! Taona anapiye ake," pomwepo waphunzira. Mukangomuyang'ana osayankha, mwayiwo wapita. Foni imayankhula, koma siyimuyankha mwana.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo m'chaka cha 2019. Mwana wa chaka chimodzi asamaonere foni kapena kanema. Wa zaka ziwiri asapitirire ola limodzi patsiku, ndipo kucheperako n'kwabwino. Azithamanga, kukwawa ndi kusewera mphindi zosachepera 180 patsiku, apa ndi apo, osati nthawi imodzi. Asakhale womangika kupitirira ola limodzi pa nthawi imodzi, ndipo kumbereka kumbuyo kuli m'gulu lomweli. Tikudziwa kuti ntchito imachuluka, kumunda ndi kumsika komwe, koma muzimutsitsako ayende.

Ndalama sizikufunika ngakhale tambala. Mpatseni poto wopanda kanthu ndi mthiko aombe ng'oma, phokosolo lipirireni. Mpatseni makapu apulasitiki aziwasanjikiza n'kuwagwetsa, kapena aziika zitsononkho m'lichero n'kuzikhutula. Adzabwereza kambirimbiri, ndipo musamuletse, chifukwa ndi mmene manja ndi maso zimaphunzirira kugwirizana. Kulungani nsanza ikhale mpira, mukhale pamphasa moyang'anizana, muzigubuduzirana. Bisani nkhope m'chitenje kenako muvundukule. Bisani supuni pansi pa mbale iye akuona, mufunse kuti "Yapita kuti?" ndipo mudikire aipeze yekha.

Pomusambitsa tchulani mutu, mphuno, chala, bondo. Popita kumjigo muuzeni zimene mukuona m'njira: mbuzi, njinga, mtengo wa mango. Akakulako, muumbireni ng'ombe yadongo, mulembe naye pamchenga ndi kamtengo, achite masanje ndi anzake. Madzulo agogo akati "Padangotero", iyenso aphunzire kuvomera kuti "Tili tonse". Nyimbo zimene anakuimbirani amayi anu zija, muimbireni, aziwomba m'manja. Abambo, izi si za amayi okha. Kukhala pansi n'kusewera ndi mwana wanu sikukuchotserani ulemu.

Koma samalani. Chilichonse chotha kulowa m'kamwa mwake chikhoza kumutsamwa: mtedza, nyemba, maso a chimanga, makobidi, zitsekero za mabotolo, timabatire ting'onoting'ono. Jumbo si choseweretsa, ikhoza kumubanika. Ndowa kapena beseni la madzi musamusiye nalo yekha ngakhale kamphindi, mwana amamira m'madzi ochepa. Mbaula, phala lotentha ndi parafini wa m'botolo la zakumwa zikhale kutali. Msambitseni m'manja ndi sopo akatha kusewera, asanadye.

Tibwererenso ku kudikira kuja, chifukwa ndi kumene kukutipweteka mtima. Kholo limene limasewera ndi mwana limazindikira msanga pakakhala vuto. Lomwe likudikira sukulu limadzazindikira mochedwa, n'kumati "bambo akenso anachedwa kuyankhula." Mwina n'zoona, koma mawu amenewo asakulepheretseni kubwera naye. Mafinya otuluka m'khutu amatha kuwononga kumva, ndipo mwana amene sakumva bwino amachedwa kuyankhula. Malungo aakulu ndi kunyentchera nazonso zimabweza mwana m'mbuyo.

Bwerani naye msanga kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ngati wafika miyezi 18 asakuyenda yekha kapena asakutchula liwu lililonse, ngati wakwanitsa zaka ziwiri asakulumikiza mawu awiri monga "amayi madzi", ngati satembenuka mukamuitana dzina, kapena ngati wasiya zimene ankatha kuchita kale. Chizindikiro chomalizachi musagone nacho. Musadikire tsiku la sikelo, musadikire kuti aphunzitsi ndiwo adzaone. Tengani buku lake la kuchipatala, ndipo mukafotokoze zimene mwaona pamene mumasewera naye.