Nambala 720,720: Chifukwa Chake Imagawika Bwino Chonchi

Tiyerekeze kuti gulu la alimi ku Katete lagulitsa soya ndi nshawa n'kupeza K720,720. Kaya mamembala ndi 2, 7, 13 kapena 16, aliyense adzalandira ndalama zofanana popanda kwacha yotsala. Akakhala 16, aliyense atenga K45,045. Akakhala 13, K55,440. Palibe nambala ina yocheperapo imene imagawika ndi manambala onse kuyambira 1 mpaka 16. Pa 17 m'pamene imakanira: aliyense alandira K42,395, ndipo K5 itsala.

Kuti muone chifukwa chake, iphwanyeni. Gawani ndi 2 mobwerezabwereza: 360,360, kenako 180,180, kenako 90,090, kenako 45,045. Mwagawa kanayi, ndipo 2 sakulowanso. Pitani pa 3: mupeza 15,015, kenako 5,005. Ndi 5 mupeza 1,001. Apa m'pamene ana ambiri a sukulu amaima, poganiza kuti 1,001 ndi prime, kutanthauza nambala imene imangogawika ndi 1 ndi iyo yomwe. Ayi ndithu. Ndi 7 imapereka 143, ndipo 143 ndi 11 kuchulukitsa ndi 13. Choncho 720,720 yamangidwa ndi ma 2 anayi, ma 3 awiri, 5, 7, 11 ndi 13.

Zidutswa zimenezi zimatiuza kuchuluka kwa manambala amene amaigawa popanda chotsala. Pa prime iliyonse, werengani kangati yaoneka, muwonjezere 1, ndiye muchulukitse: 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 240. Timawonjezera 1 chifukwa mukhoza kusaitenga n'komwe prime imeneyo. Woiwala zimenezi amapeza 8. Palibe nambala yochepera 720,720 imene ili ndi oigawa 240. Ngakhale 665,280 ili nawo 224 okha. Manambala otere, amene ali ndi owagawa ambiri kuposa nambala iliyonse yocheperapo, amatchedwa highly composite, ndipo katswiri wa masamu wa ku India, Srinivasa Ramanujan, anawalemba bwino mu 1915. Mukaphatikiza oigawa onse kupatula iyo yomwe, mupeza 2,529,072, kuposa nambalayo katatu ndi theka, n'chifukwa chake ilinso m'gulu la abundant, kutanthauza manambala amene owagawa akaphatikizidwa motere amaposa nambalayo.

Mukhoza kuiyesa popanda kakyuleta. Manambala ake akaphatikizidwa, 7 + 2 + 0 + 7 + 2 + 0, amapereka 18, choncho 3 ndi 9 amalowa. Pa 16, yang'anani manambala anayi omalizira: 0720, kutanthauza 720, ndi 16 × 45. Njira yokoma kwambiri ndi ya 7, 11 ndi 13. Dulani nambala ya manambala 6 pakati, muchotse mbali yaing'ono ku yaikulu. Chotsalacho chikagawika ndi 7, 11 kapena 13, nambala yonse imagawikanso. Pano 720 kuchotsa 720 ndi 0, choncho onse atatu amalowa. Nambala iliyonse yobwereza motere, monga 358,358, ndi chidutswa chakecho kuchulukitsa ndi 1,001.

Aphunzitsi, chenjezani ana pa msampha uwu: nambala ikagawika ndi 4 komanso ndi 6, sizitanthauza kuti igawika ndi 24. Onani 36. Onse awiri, 4 ndi 6, ali ndi 2 mkati, ndiye mwawerenga 2 mmodzi kawiri. Poyesa 24 gwiritsani ntchito 3 ndi 8, poyesa 12 mutenge 3 ndi 4.